Chingwe cha Mfundo Khumi ndi Ziwiri

Mwezi wathawu tinakaika chiliza pamanda a amalume anga, a Laisoni Ngozo, kwathu ku Bwanje. Patha chaka chitisiyireni. Womanga anali ndi levulo yake, anayeza, nati zonse zili bwino. Koma mayi anga, mlongo wawo wa malemuwo, anazungulira mwalawo kawiri, nati, "Achimwene akanakhala kuti akuona, bwenzi mutaphwasula. Mbali iyi yapendama." Tinaseka tonse, ndi abusa omwe. Womangayo anaikanso levulo, ndipo mbali ija inalidi yopendama, mwina kukula kwa chikhadabo. Anakonza tili pomwepo. Ine kuseka kwanga kunathera m'misozi, chifukwa munthu amene akanaona zimenezi msanga kuposa tonsefe ndi amene anali pansi pa mwalawo.

Amalume anali munthu woyeza madzi. Dzina lina la ntchito yawo sindilidziwa. Sukulu analekezera Sitandade 6, ndipo ali mnyamata analembedwa ntchito yonyamulira katundu anthu oyeza mitsinje. Ananyamula, akuonerera, mpaka luso linawalowa m'manja. Kenaka kwa zaka zambiri ntchito yawo inali yolawirira kumtsinje, kuwerenga pamene madzi afika pa ndodo yozikidwa m'mphepete, n'kulemba m'kope. Atapuma anabwerera kumudzi, ndipo alimi a kasikimu kathu ka mpunga anawapatsa kiyi wa geti. Ndiwo ankatsekulira madzi m'ngalande, lero a chigawo ichi, mawa a chigawo icho, ndipo panalibe amene ankatha kuwanamiza kuti dzulo sanalandire.

Anali aafupi, a chipewa cha mlaza chodyeka m'mbali. Buluku lawo kuyambira m'mawondo kutsika linali ndi mtundu wakewake, chifukwa silinkauma. M'matumba munkakhala zitsononkho za chimanga. Akazi awo, a Nanyoni, ankaziunjika pakhonde kuti azisonkhezera moto, koma mulu unkaphwa moto usanayake. "Anzanga amadandaula kuti amuna awo amatha nkhuku," ankatero, "ine anga amatha zitsononkho." Amalume sankatha kuwoloka madzi oyenda osaponyamo kanthu. Ankaima, kuponya, kuyang'ana wotchi ya pamkono, milomo ikugwedera. Tsiku lina anali ankhoswe pa chinkhoswe cha msuweni wanga, ndipo akuchimuna anadikira ola lathunthu. Anthu anakawapeza pa kamtsinje, jekete atapachika pamtengo, akudabwa kuti madzi akuthamangiranji kuposa sabata yatha pomwe mvula sinagwe. Atakalipiridwa anayankha kuti alendowo akanatha kudikira, koma madziwo sakanadikira.

Panali mawu awiri amene sankafuna kuwamva: "ambiri" ndi "pafupifupi". Ukati kumtsinje madzi ndi ambiri, ankafunsa kuti ambiri poyerekeza ndi a liti. Ukati wafika pafupifupi teni koloko, ankati ndiye kuti sunafike teni koloko. Ana tinkawazemba, chifukwa ngakhale pokutuma mchere ankafuna ubwere ukudziwa kuti wayenda mapazi angati. Ankakonda kunena kuti madzi sasowa, amangopita kwina, ndipo wonena kuti asowa ndi amene watopa kuwalondola. Ankanenanso kuti nambala yabodza ndi yoipa kuposa bodza la pakamwa, chifukwa la pakamwa anthu amalitsutsa, pomwe nambala amaiwombera m'manja. Ndili wamng'ono ndinkangoti ndi zokamba za munthu wokalamba.

Pa madzi analibe m'bale. Chaka china nazale ya mayi anga inayamba kufota tsiku lawo lolandira madzi lisanakwane, ndipo anapita kukachonderera kuti awatsekulireko ola limodzi lokha. Amalume anakana. Mayi anawakumbutsa kuti anayamwa bere limodzi, iwo anati akudziwa, koma geti silidziwa. Mayi anabwera kunyumba akutukwana njira yonse. Masana ake tinaona munthu wamfupi wa chipewa cha mlaza akutsika kumtsinje ndi makeni awiri, kukwera, kutsikanso, mpaka dzuwa linapendeka. Nazaleyo anaithirira yonse ndi mapewa awo. Mayi anawaphikira tiyi, koma anawapatsa osawayang'ana kumaso, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso onse awiri.

Mnzawo wapamtima anali Che Amidu, mwini golosale pamsika wa m'mbali mwa msewu. Ubwenzi wawo unali wa mkangano. Ankakangana pa bawo, Che Amidu akudandaula kuti munthu uyu amawerenga njere ngati akuzipatsa mayina. Ankakangana za mvula. Che Amidu akati yagwa yamphamvu, amalume ankatulutsa kachitini kawo kotchera mvula, kuviikamo kamtengo, n'kunena kuti yagwa ya phokoso chabe, malata anuwa ndi amene akukunamizani. "Inu a Ngozo," ankatero Che Amidu, "tsiku lachiweruzo mudzafunsa mngelo kuti sikelo yake anaiyeza liti." Komabe kuseri kwa kauntala kunali katoni imene wina aliyense sankaikhudza, mmene Che Amidu ankasungamo timabotolo ta pulasitiki totha ntchito, ta amalume toyezera madzi. Lachisanu masana amalume ankakhala pabenchi kudikira mnzawo atuluke mumzikiti, atayala kale bawo. Pamaliro Che Amidu anabwera ndi katoni ija. Anaiika pakhonde, nakakhala pansi pa mtengo wa mango, chisoti atachitsitsira kumaso.

Zaka zawo zomaliza maso anachita ng'ala. Kiyi wa geti anabweza okha komiti isanapemphe, nati munthu wosaona mzere wa pandodo asamagawire anzake madzi. Koma kungalande sanasiye kupita. Pafupi ndi ulalo wa matabwa wa kumtunda pali mwala wafulati m'mphepete mwenimweni mwa madzi, ndipo ankakhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litawawa. Wodutsa aliyense ankamuimitsa n'kumupatsa chitsononkho. "Taponya, undiuze chikafika pa bango lija." Ankawerenga chamumtima, chifukwa wotchi sankaionanso. Kenaka ankagwedeza mutu n'kunena kuti lero achepa, kapena kuti wina kumtunda sanatseke bwino. Anthu ankapita kukaona, ndipo kawirikawiri ankapeza zili momwemo.

Ine ndine Zione, mwana wa mlongo wawo, ndipo pa zonse zimene ndikukumbukira za amalume, chachikulu chinachitika chifukwa cha kupusa kwanga. Nditasankhidwa kupita kuyunivesite kukaphunzira masamu, anandisintha dzina. Ndinakhala "a Pulofesa" ndisanaone n'komwe chitseko cha kalasi. Ankauza aliyense: akabaza, amayi ogulitsa tomato, anthu osawadziwa m'minibasi ya ku boma. Chaka chachiwiri tinayamba kalikulasi ya zinthu zoyenda mbali zambiri. M'mabuku mwake muli chizindikiro chonga S wautali, chotanthauza kuti dula chinthu m'tizidutswa ting'onoting'ono, uwonkhetse tonse. Chaka choyamba chinkabwera chimodzi, ndipo tinkamvana. Tsopano zinayamba kubwera ziwiri, zitatu, zotsatana ndi timivi totchedwa mavekita. Ine ndinaloweza zonse ngati mavesi a Sande sukulu, osamvetsa kanthu, ndipo mayeso ndinalephera. Ndinabwera kutchuthi sapu ikundidikira, mayeso obwereza aja, koma kunyumba sindinauze munthu.

Amalume anandipeza pakhonde buku lili pamiyendo. Anavala magalasi awo omanga ndi ulusi, nayang'anitsitsa.

"A Pulofesa, mbedza zimenezi zikukola chiyani?"

Ndinawafotokozera mothamanga, monga amachitira munthu wosadziwa bwino zimene akunena. Mbedza imodzi imawonkhetsa motsata mzere, ziwiri zimawonkhetsa pamalo ponse, zitatu zimadzaza mkati.

"Nanga timivi iti?"

"Tikusonyeza kumene chinthu chikulowera, ndi liwiro lake."

"Oho. Ndiye kuti ndi madzi."

Ndinaseka. Kasekedwe kake ndikukakumbukira bwino, ndipo mpaka lero kamandiwawa. Ndinati, "Amalume, awa ndi masamu a kuyunivesite, si za kungalande." Iwo anavula magalasi, nati chabwino, napita kukatsekula geti.

Masiku omwewo madzi anayamba kuchepa kumapuloti a kumunsi. Kunali kutentha monga kumatenthera kuchigwa kwathu mvula ikayandikira, ndipo mpunga unali utatsala pang'ono kutulutsa ngala. Wa kumunsi unayamba kufiira nsonga. Anthu akaona mbewu yawo ikufa safuna kumva za dzuwa, amafuna dzina la munthu. Dzina linapezeka, la a Nasibeko.

A Nasibeko anali mayi wamasiye wochokera ku Tsangano. Anabwera kuchigwa pa chitengwa, amuna awo anamwalira, ndipo anatsala ndi puloti imodzi ndi zidzukulu zitatu. Pulotiyo inagundana ndi ngalande yaikulu, pakati pa maulalo awiri a matabwa, ndipo mpunga wawo unali wobiriwira moti unkapweteka anthu m'maso. Zoti mayiwo ankamata timakoma ta puloti yawo tsiku ndi tsiku kuti dontho lisatuluke, palibe anazikumbuka. Kunamveka kuti anakwirira paipi pansi pa khoma la ngalande. Lamulo la sikimu aliyense ankalidziwa: wotenga madzi tsiku losakhala lake, puloti amalandidwa. Kwa a Nasibeko kulandidwa puloti kunali kumanga katundu, chifukwa kuno analibe m'bale wowaimira kapena dothi lina lolimapo.

Amalume anali ku boma, akudikirira a Nanyoni kuchipatala. Tcheyamani wa komiti, a Bizaliele, anabwera kwathu chipewa chili m'manja. "Mayi, inu ndi ophunzira. Tatiyezereniko madziwa, tisaweruze munthu ndi mphekesera." Sanali munthu woipa ayi. Koma ine, ndi sapu yanga yobisa m'sutikesi, mawu akuti "ophunzira" anandikomera m'khutu. Ndinatenga nsungwi ya amalume yoyezera kuya, zitsononkho ziwiri ndi foni. Pa ulalo wa kumtunda ndinayeza kutambalala kwa ngalande ndi kuya kwake pakati, ndinaponya chitsononkho pakati n'kuona liwiro lake, kenaka ndinataimuza zitatuzo. Pa ulalo wa kumunsi chimodzimodzi. Ola silinakwane. Nambala zinati pa ndowa zitatu zilizonse zodutsa kumtunda, imodzi sinkafika kumunsi. Pakati pa maulalo awiriwo panali puloti ya munthu mmodzi yekha.

Msonkhano unachitikira pashedi youmikira mpunga. Ndinaimirira, ndinawerenga, ndipo anthu anandiwombera m'manja. A Nasibeko anali atakhala pansi kumapeto, miyendo atatambasula. Anangoti, "Paipi ine ndiitenga kuti, ana inu? Kakumbeni muone." Wina anayankha kuti kukumba khoma nthawi ino ndi kupha mpunga wa anthu onse, ndipo nambala zanena kale. A Bizaliele anali akulengeza kuti Lolemba puloti ibwerere ku komiti pamene kabaza anaima kuseri kwa shedi, amalume natsika ndi kachikwama kawo.

Anamvetsera mpaka a tcheyamani anamaliza. Kenaka anatembenukira kwa ine, ndipo "a Pulofesa" panalibe.

"Zione, waponya zingati?"

"Chimodzi kumtunda, chimodzi kumunsi."

"Pati?"

"Pakati."

Anatembenukira kwa a Bizaliele.

"A tcheyamani, nambala imeneyi si yoona. Wayeza ndi mwana wanga, ndipo wayeza molakwa."

Kenaka bambo wina wa kumunsi anafuula, "Inu a Sitandade 6 mutsutse wa kuyunivesite?"

"Eya," anatero amalume. "Tipatseni masiku atatu. Mukapeza kuti wonama ndine, kiyi uyu mutenge pamodzi ndi pulotiyo."

Ndinene zoona, tsiku limenelo ndinadana nawo. Munthu amene anandikweza pamaso pa chigwa chonse ndi amene ananditsitsa pamaso pa chigwa chomwecho. Moni sindinawapatse, ndipo za a Nanyoni sindinafunse n'komwe. M'mawa mwake ndinawapeza pakhomo pathu, chingwe chili paphewa, katoni ya Che Amidu ili pakaliyala wa njinga.

"A Pulofesa, madzi akudikira."

"Mwandichititsa manyazi, amalume. Simukanandiitanira pambali?"

"Pambali? Mayi uja unamuweruzira pambali?" Anakoka mphira womangira katoni, naukokanso ngakhale unali wolimba kale. "Manyazi ako pofika Khirisimasi adzakhala atatha. Munda wa mayi uja ukapita wapita. Vala zoti zinyowe."

Chingwecho chinali ndi mfundo khumi ndi ziwiri zotalikirana mofanana. Anakhoma msomali mbali iyi ya ulalo ndi wina mbali inayo, nachikoka kudutsa pamwamba pa madzi. M'kope anajambula ngalande ngati yodulidwa chopingasa, mabokosi khumi ndi awiri m'lifupi, atatu kutsika pansi. Ine ndinagwada pamatabwa. Pa mfundo iliyonse ndinkazika nsungwi kuyeza kuya, kenaka kuponya katatu: chitsononkho cha pamwamba, kabotolo kothira mchenga pang'ono koyenda pakatikati pa madzi, ndi kena kolemera koyenda chapansi. Kabotolo kalikonse anakamangirira ndi ulusi ku kachidutswa ka chitsononkho kuti tiziona pamene kafika. Iwo anakhala pamwala uja, wotchi ili m'manja. "Ponya!" Chikafika pa bango, ankatchula nambala n'kunena kuti, "Lemba." Ine ndinkalemba, kutsika m'madzi kukatola mabotolo, kukweranso, osalankhula nawo.

Cha pakati chinathamanga monga chinathamangira tsiku loyamba lija, ndipo mumtima ndinati taonani. Koma titayamba kusendera kumbali zinthu zinasintha. Ulalo wa kumtunda uli pamene ngalande yangokhota kumene, ndi potambalala, ndipo mbali ya kumwala kuli matope ndi bango. Kumeneko chitsononkho chinkayenda ngati wopita kumunda wosaufuna, ndipo kabotolo ka pansi kankachita kukwawa. Pa mfundo yachiwiri kuchokera kumapeto ndinaponya, chitsononkho chinaima, chinazungulira, kenaka chinayamba kubwerera kumtunda n'kudutsa pansi pa mawondo anga.

"Amalume, chabwerera."

"Ndachiona. Amenewo usawonkhetse, uchotsere. Sakupita kwa a Nasibeko amenewo."

Ndinakhala chigwadire, pensulo ili m'kamwa. Kamuvi koloza m'mbuyo kaja kanali kakuyandama pamaso panga. M'kalasi chizindikiro chochotsera ndinkachiika chifukwa buku latero. Ndinayang'ana m'kope: kukula kwa bokosi lililonse, kutaimuza ndi liwiro la madzi odutsamo, kenaka kuwonkhetsa chotsika, kuwonkhetsanso chopingasa.

"Amalume, izi ndi mbedza ziwiri zija."

"Ndinakuuza kuti ndi madzi, iwe unaseka. Ponya, dzuwa likupita."

Cholakwa changa chinaonekera poyera. Ndinatenga liwiro la pakati n'kulipereka kwa ngalande yonse, ndiye kumtunda ndinawerengera madzi amene kunalibe. Pa ulalo wa kumunsi ndi popapatiza ndi powongoka, ndipo madzi amayenda pafupifupi mofanana, amalume andikhululukire mawuwa, choncho kumeneko sindinaphonye kwambiri. Tsiku lachiwiri titawonkhetsa mabokosi onse, za kumtunda ndi za kumunsi zinasiyana pang'ono zedi, ndipo pang'onopo iwo anati ndi gawo la dzuwa ndi dothi. Ndowa yachitatu ija, imene inatsala pang'ono kuthamangitsa munthu pamudzi, inasowera m'kope langa, osati m'puloti ya a Nasibeko.

Tikudya mango pamwala, anandifotokozera mmene amaganizira. Anati malo amene ukuwakayikira uwazungulize khola la m'maganizo, ndipo uime pakhomo uwerenge zolowa ndi zotuluka, monga agogo awo ankawerengera ng'ombe. Zikafanana, mkatimo mulibe chodya ziweto, ndipo sufunika kugwetsa khola kuti utsimikize. Zikasiyana, chepetsa kholalo, uwerengenso, mpaka utafika pamene pali bowo. Limeneli ndiye linali funso limene ndinalisiya losayankha pamayeso, loti zochitika mkati monse mwa chinthu ungazidziwe poyeza zodutsa m'malire ake. Aphunzitsi athu anadzaza bolodi kawiri potsimikiza zimenezi. Amalume ananena akusenda mango ndi mano.

Ine ndinkaona ngati ntchito yatha. Iwo anati a Nasibeko tawachotsa m'kamwa mwa anthu, koma mpunga wa kumunsi ukufabe, ndipo anthu akasowa dzina ili adzafuna lina. Tsiku lachitatu tinasamutsa chingwe, kukwera nacho chigawo ndi chigawo kulowera kumene ngalande imayambira kumtsinje, alimi angapo akutitsata. Pafupi ndi mkuyu waukulu nambala zinakana kugwirizana. Tinachepetsa khola kawiri. Kenaka amalume analowa m'bango, napisa mkono pansi pa khoma mpaka paphewa, ndipo anautulutsa nkhanu ikulendewera kuchala. Khoma lonse pamenepo linali mauna okhaokha, madzi akutuluka mwakachetechete kupita kudambo n'kubwerera kumtsinje. Anaikweza m'mwamba kuti bambo wofuula uja aione bwino.

"Wakuba wanu uyu. Mulandeni puloti."

Pamsonkhano wachiwiri amalume anakhala kumbuyo pamodzi ndi Che Amidu, amene anatseka golosale kuti adzaonerere. Kope anandipatsa ine. Ndinawanong'oneza kuti anene okha, poti ntchito inali yawo, koma anakana. Anati nambala yoyamba inatuluka pakamwa panga, yachiwirinso itulukire pomwepo. Ndinaimirira pamalo omwe aja, ndipo ndinayamba ndi mawu amene sindinawaphunzire kuyunivesite. "Ndinalakwa. A Nasibeko sanatenge madzi a munthu." Palibe anawomba m'manja. A Bizaliele anavula chipewa napepesa m'malo mwa komiti, ndipo amuna anapita kukatenga makasu kuti akamate khoma.

A Nasibeko pamsonkhanopo panalibe. Amalume anandiperekeza kwawo, koma anaima pampanda, nati kuyambira apa ndi ulendo wako. Ndinawapeza mayiwo pakhonde. Chitseko chinali chotsekula, ndipo m'nyumba ndinaona mitolo iwiri yomanga m'zitenje ndi mapoto atawalowetsana. Ndinagwada pafumbi.

"Dzukani, mwananga, mudetsa chitenje," anatero. "Ndamva kale, anthu anandiuza." Anayang'ana mitolo ija. "Anawa ndinali nditawauza kuti Lolemba tikwera ya ku Tsangano. Wamng'onoyo anafunsa kuti nanga mpunga wathu adzadula ndani."

Ndinalira mosadzigwira. Amene anandipukuta misozi ndi munthu yemweyo amene ndinatsala pang'ono kumusamutsa.

Pobwerera amalume sanandilalikire. Titafika pa ulalo anati, "A Pulofesa, za mbedza ziwiri ndamva. Nanga zitatu zija zimakola chiyani?" Tchuthi chonse chotsala, dzuwa likapendeka tinkakhala pamwala uja, ine ndikuwawerengera buku, iwo akundibwezera m'chinenero cha madzi: apa akutumphuka ngati pakasupe, apa akumira, apa akuzungulira ngati pa mfundo yachiwiri paja. Za sapu ndinawauza pamenepo. Anati ankadziwa, chifukwa munthu wokhoza sawerenga buku patchuthi nkhope ili chonchija. Mayesowo ndinakhoza, ndipo lero ndimaphunzitsa masamu omwewo. Koma m'minibasi amalume anasintha nkhani. Za yunivesite sankazitchulanso. Ankauza anthu kuti ali ndi mwana amene anaimirira pashedi n'kunena kuti walakwa.

Chinthu chimodzi ndachidziwa mwezi wathawu titachoka kumanda. Mayi anga anandiuza kuti tsiku la msonkhano woyamba lija, ine nditadzitsekera m'chipinda, anawapeza achimwene awo kuseri kwa nkhokwe atakhala pansi, chipewa chili pankhope, mapewa akugwedezeka. Atawafunsa anati, "Ndamuswa mwana pamaso pa anthu. Akapanda kundikhululukira, mlongo wanga, ndidzatani?" Anawalumbiritsa kuti asadzandiuze. Ine zaka zonsezi ndinkaganiza kuti mawu aja anawatuluka mosavuta, poti anali munthu wa nambala. Ndikanadziwa, bwenzi nditawauza ndi pakamwa kuti ndinawakhululukira pa mfundo yachiwiri pomwe paja. Sindinawauze, ndipo zimenezi zikundipweteka.

Ndisanabwerere ku tauni ndinapita ndekha kungalande. Geti lili ndi loko watsopano, ndipo kiyi amasunga munthu wina, wabwino ndithu, amene amayeza madzi ndi maso. Matabwa a ulalo anasinthidwa, koma mitengo ya m'mbali ndi yomwe ija, ndipo misomali iwiri ikadalipo, yadzimbiri, wina mbali iyi wina mbali inayo, popanda chingwe pakati. Chingwecho anachipempha a Nasibeko pamaliro, ndipo chili pakhoma m'nyumba mwawo. Mwala uja uli pomwepo. Pamwamba pake ndi posalala, ndipo udzu umene mapazi awo ankaupondereza wamera mpaka kubisa m'mbali mwake.

Puloti ya pakati pa maulalo inali yobiriwira. A Nasibeko, amene tsopano akuyendera ndodo, anali pakhoma lake akuyang'ana madzi. Atandiona anabwera pang'onopang'ono, namasula mfundo ya chitenje, nandipatsa chitsononkho. Anati amangoyenda nazo, chizolowezi cha zaka zimene ankaponyera a Ngozo maso atafa. Ndinagwada pamatabwa, ndinaponya pakati, ndipo chinathamanga bwinobwino kupita kumunsi.

"Pakati pokha, mwananga?" anatero, nanditambasulira china.

Chimenecho ndinaponya kumbali, kufupi ndi bango. Chinaima, chinazungulira, chinabwerera pansi pa ulalo, n'kukagunda patsinde pa mwala uja. Chinakhala pamenepo chikugundagunda. Tinadikira tonse awiri, ine ndi a Nasibeko, ndipo panalibe wonena kuti lemba.